Kamera Yoonera Apongozi Patali

Chipadze, Bindura
9 Sepitembala

Okondedwa achimwene a Wilbert,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana kumeneko ku Dedza. Bondo lomwe linakuvutani nthawi yokolola lija lili bwanji tsopano? Ife kuno tilipo, kungoti kwayamba kutentha ndipo fumbi lake ndi losakamba. Amayi akadali m'nyumba yakale ija ku Wadzanai. Chifuwa chawo sichikusintha. Kuchoka pakhomo kukafika pampopi amapumira kawiri, ndipo mankhwala a kuchipatala amamwa tsiku limene afuna okha.

Ndalemba kalata m'malo moimba chifukwa nkhaniyi ndi yaitali, komanso ndikangoiyamba ndi pakamwa ndimayamba kukalipa. Ndapatsira mayi a Tariro, aja amapita ku Lilongwe kukaoda zitenje. Akuti akusiyirani pa boda.

Nkhani ndi ya alamu anu a Farai, bambo a Yeukai. Mukudziwa kuti ntchito yawo ya kumgodi inatha mu Febuluwale. Anzawo amene anachotsedwa nawo limodzi ena anapita ku Kitsiyatota kukakumba golide ndi okumba mozemba aja kuno amawati makorokoza, ena anayamba kuweta nkhuku. Anga ayi. Anga anabwera kunyumba n'kundiuza kuti akhala wojambula mafilimu. Poyamba ndinaseka. Kenako anandifotokozera bwinobwino kuti Loweruka azijambula maukwati kuti tizipeza chakudya, koma chimene chili pamtima pawo ndi kujambula okalamba amene anachoka ku Malawi ndi ku Mozambiki kudzagwira ntchito m'migodi muno, asanathe onse. Apo sindinasekenso, chifukwa ndinaganiza za amayi.

Ndiye panabwera kusankha kamera. Achimwene, ine anthu awa anandifunsira titangoonana masabata atatu, koma kamera inawatengera miyezi itatu. M'nyumba muno simunamvekenso nkhani ina. Tikudya, HD. Tikutuluka m'tchalitchi, 4K. Bandulo ya pafoni inkathera kuonera azungu akumasula makatoni a makamera amene ife sitingawakwanitse ngakhale titagulitsa bedi. Ku Harare anapita katatu pa kombi, minibasi za kuno, katatu konse n'kubwerako chimanjamanja, m'thumba muli timapepala tolembapo manambala. Mpaka Yeukai, mwana wa Giredi 6, anafika podziwa kuti batire labwino limakhala maola angati.

Pamapeto pake panatsala makamera awiri amene thumba lathu likanatha. Yoyamba inali ya a Liberty, bambo wina amene wakhala akujambula maukwati kuno ku Bindura kwa zaka zambiri. Ndi yakale, yokalikakalika m'mbali, chitseko cha batire chomangidwa ndi tepi, koma chithunzi chake ndi choyera bwino. Ili ndi kabowo kolowetsapo maikolofoni yaing'ono ya waya, ija amapanira munthu pakolala. A Liberty ananena ine ndili pomwepo kuti anthu amakhululuka chithunzi chikamaoneka mwa chimbuuzi, koma filimu yosamveka mawu palibe amene amaionera mpaka kumapeto.

Yachiwiri inali yatsopano, ya m'sitolo ina ku Harare, yonyezimira, pakatoni atalemba 4K ndi zilembo zikuluzikulu. Ubwino wake unali kukoka zinthu zakutali. Utaima pakhonde pathu ukhoza kuwerenga nambala ya lole imene ili kutsidya kwa msewu. Koma kabowo ka maikolofoni inalibe. Ine ndinati titenge ya a Liberty. Alamu anu anavomera bwinobwino, mutu n'kugwedeza. M'mawa mwake anakwera kombi, madzulo n'kulowa m'nyumba ndi yonyezimira ija.

Ine ndinkayesa ndi matenda a amuna aja okonda zowala. Chifukwa chenicheni ndachidziwa mochedwa, zinthu zitaonongeka kale. Paja alamu anu kwawo ndi ku Masembura, ndipo kumeneko mkamwini, mukwasha m'chilankhulo chawo, amaopa apongozi kuposa mmene timachitira ife. Zaka khumi ndi zinayi tili pabanja, sanakhalepo mphasa imodzi ndi amayi. Akafika ku Wadzanai amanjuta pageti n'kuomba m'manja, maso ali pansi, ndipo ngakhale kupempha madzi akumwa amadzera mwa ine. Tsono waya wa maikolofoni ya a Liberty ndi wotalika mapazi atatu okha. Akuti atauyeza ndi maso anaona kuti sizingatheke, iwo kukhala pafupi chotero ndi apongozi, kuwonjezera apo n'kukawagwira pakolala. Miyezi itatu yonse ija sankafunafuna kamera yabwino. Ankafunafuna yoti ajambulire amayi ataima kumpanda. Akanangondiuza!

Tsiku lojambula linali Lachitatu lomaliza la Ogasiti. Amayi anavomera, koma anati pasakhale mwana wawo aliyense pafupi. Anatituma ine ndi Yeukai kumsika, n'kutiuza kuti tisafulumire. Anavala zoyera zawo za kutchalitchi, anatulutsa mpando n'kukhala pansi pa mtengo wa mapeyala uja. Alamu anu anaimika kamera yawo kumpanda, pafupi ndi khola la nkhuku la aneba.

Titabwerako tinapeza amayi maso ali ofiira. Anandiuza kuti alankhula maola awiri, ndipo zonse zimene takhala tikuwavutitsa nazo za bambo zili m'makinamo: dzina lawo lenileni, mudzi wawo, mfumu yawo, ndi anthu amene anawasiya kumeneko. Anati tikaonere tokha, pakamwa pawo sizidzatulukanso.  Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti Jimu Sitima silinali dzina la bambo, linali longolembedwa ndi kalaliki pachitupa pamene ankalowa m'dziko muno, ndipo anapita nalo kumanda osatiuza lina. Ndi inu amene mwatha nsapato m'midzi ya ku Ntcheu kufunsa, anthu n'kumakusekani kuti sitima aidziwa ndi ya panjanji yokha. Tsiku limenelo ndinaganiza kuti kuyendayenda kwanu kwatha.

Titafika kunyumba, tinaika filimuyo pa laputopu. Chithunzi chokha ndisaname, n'chokongola. Nkhope ya amayi inadzaza galasi lonse. Khwinya lililonse likuoneka, ngakhale mphini za pamasaya zimene ine ndinali nditaiwala kuti ali nazo. Pena akuloza chakumpoto, pena akuwerenga ndi zala, pena misozi ikutsika iwo osaipukuta. Milomo ikuyenda bwinobwino.

Koma mawu! Mphepo ya Ogasiti, phuu, phuu. Chigayo cha kuseri kwa mzere wa nyumba. Tambala wa aneba, amene analira ngati walipidwa. Ndiponso kupuma kwa alamu anu, chifukwa ndi iwo anali pafupi ndi makinawo. Mawu a amayi mulibe ngakhale limodzi. Paja ndi chifuwa chija amalankhula motsitsa, ndiye kamera inakoka nkhope n'kusiya mawu pansi pa mtengo. Ndinawafunsa alamu anu kuti nanga inuyo ndi makutu anu simunamveko kanthu? Akuti anali kutali, ndiponso maso ndi mtima zinali pa kagalasi kuti chithunzi chisagwedere.

Tinapita nayo kwa a Liberty kuti mwina angachotse phokosolo pa kompyuta. Anayesa tsiku lonse. Chimene chinatuluka bwino ndi tambala.

Ndinakhala masiku awiri osawalankhula alamu anuwo, ndipo tsiku lachitatu ndinalankhula zimene sindingalembe pano. Ulemu ndi wabwino, inenso ndinakulira momwemo, ndipo amayi amanyadira kuti mkamwini wawo ndi wamwambo. Koma mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo apa amene tikufera kuuna ndi ife ana. Chondipweteka china n'chakuti sindingathe kukwiya mpaka kumapeto. Munthuyu waonda. Ndimamupeza atakhala pa laputopu akubwereza filimu yopanda mawu ija, akuyang'anitsitsa milomo ya apongozi ake, nkhope imene sanaiyang'anepo chikwatirire. Ndikamuona choncho mkwiyo umasanduka chisoni, kenako ndikamva tambala uja umabwereranso.

Za kamera zokha zakonzeka. A Liberty anavomera kusinthana, atenga yonyezimira ija kuti azijambulira mpira, ife tatenga yakale. Tinaiyesa pa Yeukai akudya chimanga chokazinga, ndipo kutafuna konse kunamveka. Ngati kumeneko kuli wina amene akufuna kugula kamera, muuzeni ayambe wafunsa polowetsa maikolofoni asanafunse china chilichonse.

Chovuta chinali kuwauza amayi. Ndinazengereza sabata yathunthu, Lamulungu lapitali ndinalimba mtima. Anamvetsera akusisita bondo. Kenako anati sakudabwa, makina a masiku ano ndi osamva ngati ana awo. Ndinapempha kuti ulendo uno ndigwire kamera ndine, kapena angondiuza pakamwa ine ndilembe. Anakana kwamtuwagalu. Akuti m'nkhaniyi muli zinthu zimene mayi sangauze mwana wake akumuyang'ana m'maso, ndipo tsiku lija anatha kulankhula chifukwa womvera sanali wobadwa mwa iwo. Ndinati chabwino, ndikupanireni maikolofoni ine n'kuchokapo. Anati nanga mkamwiniyo akhala pati, waya wake ndi waufupi chonchi? 

Anaganiza kanthawi, kenako ananena okha chimene chingachitike. Akuti alankhulanso kamodzi, kwa mkamwini yemweyo, koma kuti iye awayandikire payenera kuyenda mwambo wake. Mwinimbumba avomereze, nkhuku iphedwe, mkamwini awapatse nsalu, iwo amupatse kanthu, adyere mbale imodzi pamaso pa wamkulu. Zikatero kuopana kwatha, akhoza kukhala pafupi n'kumalankhulana ngati mayi ndi mwana. Alamu anu atamva anatuluka thukuta, koma avomera, ndipo nsalu agula kale. Nkhuku ndili nayo. Chatsala ndi mwinimbumba, ndipo chimwalirireni amalume, mwinimbumba ndinu.

Pempho langa ndi limodzi lomweli. Ngati mungathe kubwera, bwerani, amayi adzakuoneninso. Ngati simungathe, imbani Lamulungu masana tikaweruka kutchalitchi, nthawi imene ndimakhala ndili ku Wadzanai. Mukwere pachulu paja pamene foni yanu imagwira, mulankhule ndi amayi inu nokha kuti mwalola, ndipo mutchule wamkulu woti akuimirireni kuno. A Kamwendo a kumpingo kwawo anena kuti ali okonzeka ngati muwatuma. Uthenga wodzera mwa ine amayi aukana, akufuna mawu anu.

Ndikukudziwani, achimwene. Mukawerenga kalatayi mudzaseka za tambala, mudzawerengera alamu, kenako mudzaipinda n'kunena kuti tiona tikatha kugalauza m'munda. Chonde musatero. Pamene ndinkatsanzika Lamulungu, amayi anandiitananso ndili pageti, anati ndikuuzeni kuti mufulumire, chifukwa mpweya umene watsala m'chifuwa mwawo ndi wokwanira kunena nkhaniyi kamodzi kokha. Sanali kuseka, ndipo ine ndili ndi mantha.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti ufa wa kondowole uja unafika ndipo amayi anadya mokondwa. Moni kwa Tino ndi azing'ono ake, alimbikire sukulu. Moni kwa amayi aang'ono a Yunike, kwa azakhali a kumsika, ndi kwa onse a pamudzi amene amatikumbukira. Alamu anu akupereka moni, mwamanyazi. Yeukai akuti amalume abwere ndi mbatata ya kachewere.

Apa pomwe pafika cholembera ndi pamene anthu ena amapereka moni kwa abale a bambo awo. Ine ndasiya mzere wopanda kanthu, chifukwa sindidziwa dzina la ngakhale mmodzi.

Imbani Lamulungu lino.

Ndine mlongo wanu,
Jestina