Ndime Yanga Yalowa M'malamulo

Lachinayi, mwezi wa Okutobala. Dzuwa laswa mtengo, koma mtima wanga uli mbee.

Lero komiti yathu ya m'bungwe la makampani opanga makina inakumananso pa foni, kukonza malamulo oti sikelo za m'misika zizitumiza kulemera kwa mbewu ku kompyuta m'njira imodzi, kaya anazipanga ndani. Ine, mphunzitsi wopuma woimira alimi a kuno ku Kabudula, ndakhala ndikuumirira ndime imodzi: netiweki ikaduka, sikelo isunge manambala, idzawatumize ikabwerera. Mwambo wathu ngwakuti ndime siilowa m'malamulo kufikira wotsutsa aliyense atakhutira, ndipo injiniya wina wa mumzinda sankakhutira.

"Aphunzitsi, masiku ano netiweki ili ponseponse," anatero.

Ndinali chiimire pa chulu cha kuseri kwa tchalitchi, pokhapo pamene foni imagwira. Ndinayamba kumuyankha ndi mawu amene ndinasula kwa sabata yathunthu, foni n'kuduka. Ndinaimbanso, inadukanso. Kachitatu ndinapeza onse akuseka.

"Basi, bambo, ndagonja," anatero injiniyayo. "Netiweki yakulankhulirani."

Ndime yalowa, osasinthidwa ngakhale liwu limodzi. Chondiwawa pang'ono n'chakuti mawu anga osulidwa bwinowo palibe wawamva. Mawa ndiwawerengera mayi akunyumba, afune asafune, kuyambira pa...