Matebo Awiri a Alamu Anga

Garaja ya Lawford,
Area 2,
Lilongwe.

8 Okutobala, 2024

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira kuti muli bwino pamodzi ndi Amayi ku Kamwendoko, ndiponso kuti bondo lija lasiya kukuvutani. Ine kuno thupi lili bwino, mutu ndi umene sukuyenda. Ndikanakuimbirani foni, koma iyi si nkhani yoti ndizikuwa katatukatatu inu mukungoti, "Ati chiyani?" Nyundo za m'garaja muno zinakudyerani makutu koma maso zinakusiyirani, ndipo lero ndikufuna maso anuwo.

A Harry a minibasi akupatsani kalatayi pamodzi ndi chitsulo chachitali chokulungidwa m'chitenje chakale. Chonde musachimasule kaye. Werengani mpaka kumapeto, chifukwa mukachiona musanamve nkhani yake mundikana kuti sindine mwana wanu.

Mukukumbukira kagalimoto kofiira ka zitseko ziwiri kamene a Clive anabwera nako pa chinkhoswe chawo ndi Cathy wathu, kaja kanakhula mimba pa hampu ya pageti anthu n'kuseka? Tsiku lomwelo, inu mutapita kukapuma pamthunzi, alamu angawo anandipeza ndi foni m'manja.

"Alamu, taonani izi," anatero. "Matebo awiri, mapaipi ake, zonse pamodzi. Ndikufuna pa ukwati mkazi wanga afike pa holo m'galimoto yoti Lilongwe yonse itembenuke. Zilowa?"

Tebo mumaidziwa, munakonza zambiri m'malole: utsi wa ekizozi umaizunguza, iyo n'kumakankhira mpweya wambiri mu injini kuti ikhale ndi mphamvu. Awa amafuna awiri, imodzi mbali iyi ya injini, ina mbali inayo. Ine ndinkafuna kunena kuti abwere nayo kaye galimotoyo ndione. Koma amalume a Nebert anali pompo ndi botolo lawo, ndipo anaseka mokweza nati, "Mukufunsa mayi ameneyu? Zimenezo pitani nazo ku Joni, kuno amangosintha oilo." Mukudziwa kuti amalume mpaka lero sanakukhululukireni posiyira mwana wamkazi garaja. Magazi anandikwera, Bambo. Chithunzicho sindinachiyang'ane n'komwe, ndinangoti, "Zilowa. Itanitsani."

Safunsa adadya phula. Ine ndadya lambiri, mpaka lero likundimata m'kamwa.

Katundu anafika mwezi wathawu m'makatoni atatu, wonyezimira moti unkachita manyazi kumugwira ndi manja a girisi. Ndinamasula zakale zonse bwinobwino, mabawuti m'zitini za majarini monga munandiphunzitsira. Tebo ya kumanzere inangolowa yokha, osalimbana nayo. Nditafika kumanja, ha! Kukana. Ndinaitembenuza, ndinakweza injini ndi jeke, ndinagona pansi masiku awiri m'kutentha kwa chilimwechi, ndinalankhula mawu oti Amayi asawamve. Pamalo penipeni poti tebo ikhale ndi pamene pamadutsa shafuti ya chiwongolero, chitsulo chija chochokera m'manja mwa dalaivala kupita ku matayala.

Ndiye mpamene ndinatsegula kabuku kake, kamene ndinali nditakaponya pa benchi. Pa tsamba loyamba lenilenilo pali chithunzi cha galimoto yofanana ndi ya a Clive, koma chiwongolero chili kumanzere. Katunduyo ndi wa ku Amereka, anapangira magalimoto akwawo. Yathuyi ndi ya ku Japan, chiwongolero kumanja. Funso limodzi lokha pa chinkhoswe paja likanandipulumutsa, koma ine ndinali kalikiliki kuyankha amalume.

Ndinaimbira a Clive, ndipo anabwera nthawi ya nkhomaliro kuchokera ku ofesi kwawo ku City Centre, tayi pakhosi, akulumpha madontho a oilo kuopa nsapato. Ndinawafotokozera zonse, ndinapepesanso, ndikuti tibwezeretse zakale galimoto iyende monga kale.

"Alamu, munanena nokha kuti zilowa," anatero.

"Ndinanena, ndipo ndinalakwitsa."

"Anzanga onse ndinawauza kale. Wojambula kanema akudziwa. Pezani nzeru, si inu mwana wa a Lawford kodi?"

Abale, mlamu umamukana bwanji kawiri, ukwati utatsala masabata awiri? Akanakhala kasitomala wamba ndikanamupatsa makatoni ake n'kumuonetsa geti. Koma uyu ndi munthu woti tidzadya naye mbale imodzi mpaka imfa, ndipo Cathy anali akundiimbira m'mawa uliwonse kuti, "Achemwali, nanga galimoto?" Nzeru yomwe ndinapeza inali yoipa: kudula shafutiyo pakati, kulowetsapo kajointi kena kuti ipinde n'kulambalala tebo, kenaka kuwotcherera.

Ndinapita nayo kwa mnzanu wowotcherera zitsulo uja, a Sumaila, ku Malangalanga. Akalamba koma dzanja lawo silinjenjemera. Anachotsa magalasi awo akuda aja n'kundiyang'ana.

"Iwe Tikondane, makutu angawa afa ngati a bambo ako, kapena ndamva bwino? Bweretsa geti, bweretsa wilibala, ngakhale ndowa ya amayi ako, ndikuwotcherera. Chiwongolero ayi. Bambo ako ankati chiyani?"

Ndinayankha ngati mwana wa Sitandade Wani: "Zinthu ziwiri siziwotchereredwa, chiwongolero ndi mabuleki."

"Nanga wabwera kudzatani? Pita."

Apa ndi pamene mundikwiyire, Bambo, ndipo muli ndi ufulu. Dzana Lamulungu, nditachoka ku tchalitchi, ndinatseka geti la garaja, ndinatenga sowo ndi makina anu owotcherera aja, ndipo ndinachita ndekha. Ndinadula, ndinalowetsa kajointi ka pikapu yakufa ili kuseriyi, ndinawotcherera. Sindikudzitama, koma msoko wake unatuluka wokongola kuposa yonse imene ndinapangapo.

Dzulo m'mawa ndinamaliza kumanga zonse n'kuliza injini. Sindikunamizani, mtima wanga unavina. Inalira mozama, ndipo ukasiya kuponda mafuta imapuma kuti phyuu! mpaka amayi ogulitsa mandasi patsidya paja anabwera kudzasuzumira. Ndinati amalume a Nebert akanakhala pano ndikanawakweza ulere. Koma lamulo lanu lina lija ndinalisunga, loti galimoto siituluka pageti ndi mwini wake usanaiyendetse wekha.

Ndinakwera nayo ku Area 3, ndinatsika, ndinawoloka mlatho n'kulunjika ku City Centre. Mphamvu ili nayo, ukangoponda pang'ono mpando umakukankha pamsana. Koma itatentha bwino, ndikuzungulira raundabauti ya kufupi ndi Capital Hill, chiwongolero chinalimba m'manja mwanga ngati wina wachigwira pansi. Ndinachikoka ndi mphamvu, ndipo ndinamva kuti gwa! m'zikhatho. Chinamasuka, galimoto inakhota, basi ya ogwira ntchito m'boma inadutsa pafupi kwambiri moti ndinaona mano a dalaivala akundikalipira. Ndinabwerera ku garaja pang'onopang'ono, akabaza a njinga zopalasa akundipitirira n'kumandiseka.

Nditatsegula boneti ndinapeza kuti pakati pa tebo ndi kajointi kaja sipalowa ngakhale chala. Girisi yense anali atapsa n'kusanduka makala. Shafuti itazizira ndinaichotsa n'kuchita zanu zija: ndinanyika msoko m'parafini, ndinapukuta mpaka kuuma, ndinapaka choko, n'kukhala pansi kudikira. Sindinadikire nthawi yaitali. Pa choko choyeracho panatuluka mzere wonyowa, wowonda ngati tsitsi, wozungulira theka la chitsulo. Mng'alu, Bambo. Msoko wokongola uja ndi wong'aluka m'kati.

Madzulo a Clive anabwera ndi Cathy kudzatenga galimoto, Cathy ali ndi velo lake m'jumbo kuchokera kwa telala. Ndinawaonetsa mzerewo.

"Kameneka?" anatero a Clive. "Alamu, mukuimitsa ukwati wanga chifukwa cha choko cha kusukulu? Wotchereraninso pamwamba basi. Kuchoka ku tchalitchi ku Area 3 kufika ku holo ndi makilomita angati? Tsiku limodzi lokha."

Ndinawauza kuti chitsulo sichidziwa kuti lero ndi ukwati. Mukudziwa mmene mdipiti wa ukwati umayendera muno mu Lilongwe: mahutala, kuzungulira raundabauti katatu, atsikana a maluwa pamwamba pa pikapu kumbuyo, azimayi akuvina m'mphepete mwa msewu. Ndipo a Clive sanaitanitse matebo awiri kuti aziyenda ngati maliro. Ndinati chitsulochi chikathyoka, chiwongolero chidzangozungulira m'manja mwawo ngati chivundikiro cha poto, mng'ono wanga ali pambali pawo.

Apa ndi pamene Cathy analankhula. Ndilemba monga ananenera.

"Achemwali, tangonenani zoona. Galimoto munaiwononga dala. Zikukuwawani kuti ine ndikukwatiwa inu muli chikhalire pansi pa magalimoto."

Bambo, Cathy ameneyu ndinam'bereka kumsana ine. Yunifolomu yake ya ku sekondale ndinkachapa ndi manja omwewa akuwanyozawa. Ndinangotola chiguduli n'kumapukuta sipanala yoyera kale. Asanatuluke pageti foni yanga inalira: anali atandichotsa pa gulupu ya komiti ya ukwati. Ine amene ndimayenera kuyang'anira za magalimoto onse Loweruka!

Chimene chikundipsetsa mtima kwambiri n'chakuti theka la mawu ake ndi loona. Dala ayi, koma galimotoyo ndinaiwonongadi ine. Ndikanapanda kudula, lero ndikanangobwezeretsa zakale, iwo n'kukwera galimoto yawo yopanda matebo. Tsopano shafuti yabwino palibe. Ndayenda Malangalanga yonse, ndafunsa ku Biwi ndi ku Mchesi, aliyense akungopukusa mutu, chifukwa galimoto ya mtundu umenewu mu mzinda muno ndi imodzi yomweyi. Ndaitanitsa yatsopano ku Japan, koma akuti masabata atatu. Ukwati ndi Loweruka likubwerali.

Lero m'mawa a Clive atumiza uthenga woti mawa kubwera bulekidauni kudzakoka galimoto kupita nayo ku garaja ina, kumene akuti kuli amuna odziwa ntchito. Ndikuwadziwa amuna amenewo. Adzapaka msoko wina pamwamba pa mng'alu, adzapenta chakuda, adzati, "Bwana, yatha." Galimoto ndi yawo, sindingaikanize. Aitenge, pamodzi ndi matebo awo ndi zitini za mabawuti. Koma chitsulocho sachipeza, ndipo popanda chitsanzo palibe angapange china pofika Loweruka.

Tsopano masulani chitenjecho.

M'kati ndaikamo kabotolo ka parafini ndi choko ziwiri. Chitani nokha, panja, dzuwa likuwala. Mwina mantha andichititsa khungu, mwina pali nsanje imene ine sindikuiona mumtima mwanga, kaya. Inu mulibe mlandu ndi munthu. Mukaona kuti chitsulochi chinganyamule mwana wanu, bwerani nacho Lachisanu mukamabwera ku ukwati, ndidzachimanga ndekha inu mukuona, ndipo ndidzagwada pamaso pa a Clive ndi ankhoswe onse. Koma mukaona chimene ndaona ine, chisiyeni komweko. Mutha kuchikhoma pa khola la mbuzi, chingathandize.

Ndikupempha chinthu chimodzi. Mukachisiya, musanene kuti munachiona. Akakufunsani, nenani kuti za m'garaja munasiya kalekale ndipo simumva bwino, zimene si bodza. Cathy akufunika bambo woti amugwire dzanja polowa m'tchalitchi ali wosangalala, osati bambo amene wagwirizana ndi mdani wake. Mlanduwu ukhale wanga ndekha, mutu ukakula sulewa nkhonya.

Mundiperekere moni kwa Amayi. Muwauze kuti mtedza uja unafika, ndipo mankhwala awo a BP ndagula, adzawapeza kuno. Kalatayi musawawerengere yonse, mungoti ntchito yandichulukira. Moni kwa onse a kumpingo kwanu amene akubwera nanu. Amalume a Nebert nawonso muwapatse moni, muwauze kuti oilo ndikusinthabe.

Diresi langa la chitenje cha ukwati telala anamaliza, landikwana bwino, ndalipachika kuseri kwa chitseko cha ofesi mu pulasitiki kuopa fumbi. Sindikudziwa ngati ndilivala. Mukapanda kundiona kutsogolo m'tchalitchi, musandifunefune, ndidzakhala benchi yomaliza pafupi ndi khomo. Mukamutulutsa Cathy panja, mudzamukonzere velo bwino, amaiwala kuti ndi wamtali ndipo lidzakola pa chitseko cha galimoto iliyonse imene adzakwere. Mudzamupsompsone kawiri, kachiwiriko osamuuza kuti n'kwa ndani.

Andide zaka zonse zimene akufuna, Bambo, bola andide ali moyo.

Ndine mwana wanu wosamva,
Tikondane