Tuna Wako Wandiyambanitsa ndi Asewere

Esinati mwana wanga,

Wandichititsa manyazi pamaso pa anthu. Kuno ku Bwanje tili bwino, bondo lokhali ndilo likundivuta. Kaya inu ndi ana ku Amerekako?

Katundu wako anafika, ndipo chakudya chija ndinaphika monga unanenera pa foni. Makaroni ndinawiritsa, koma madzi ake sindinataye. Ife olima mpunga timadziwa kuti madzi amauma okha mumphika. Ndinathira nsawawa, mkaka ndi tuna wakoyo, nsomba ya m'chitini ija. Uvuni ndilibe, ndiye ndinaika makala pansi ndi pachivundikiro ngati ndikuphika chigumu.

Ndinaitana apongozi ako, Anangozo, kuti aone zimene umanditumizira. Atalawa anati, "Asewere, nsomba yanji yopanda mutu, yopanda minga? Si njoka imeneyi?" Ndinawaonetsa chitini, koma palibe chithunzi, ndi zolemba zokhazokha, ndipo tonsefe sukulu sitinaiponde. Anasamba m'manja n'kusiya mbale. Pano kumjigo akuti ndimadyetsa alendo njoka.

Ine ndinadya mpaka kukokota mphika, chimakoma ndithu. Koma tandiuza, nsomba imeneyi imakula bwanji kuti mnofu wake ukhale ngati wa nkhuku? Mutu wake amadya ndani? Nanga anayamba ndani kuphatikiza nsomba ndi mkaka? Agogo ako achingoni akanalavula.

Kalatayi akundilembera mwana wa aneba. Mulungu akusungeni nonse. Uwauze amuna ako, a Yosefe, awaimbire mayi awo Lamulungu lisanafike, awauze okha kuti tuna ndi nsomba. Apo ayi, kutchalitchi sindikhala nawo benchi imodzi.

Ndine mayi ako,
Najere