Feda ya Akazi Anga Ikutsika Yokha

Aphungu,

Ine ndine telala, koma mtima wanga uli pa nyimbo. Kuseri kwa shopu yanga kuli kachipinda komwe ndinakhoma matiresi akale m'makoma, ndipo makasitomala akachepa ndimajambuliramo nyimbo pa kompyuta. Zaka zonsezi ndakhala ndikukweza ndi kutsitsa mawu ndi mausi, mpaka mwezi watha pamene mnzanga wina, yemwe timangomutchula kuti Injiniya, anandigulitsa kontirola yake yakale. Ndi kabokosi kokhala ndi mafeda asanu ndi atatu, timabatani tija totsetsereka. Feda iliyonse imagwira mawu a munthu mmodzi kapena chida chimodzi.

Kuilumikiza kokha kunandidyera masiku awiri. Chingwe ndalowetsa, timagetsi tikuphethira, koma pulogalamu yojambulira ili duu. Injiniya ndiye anandiuza pafoni kuti, "Iwe, pulogalamu siilota. Lowa m'masetingi, usankhe dzina la kontirolayo pamndandanda, idziwe kuti kwabwera mlendo." Nditatero, mafeda onse anadumpha okha n'kukaima m'malo mwake, pakuti ali ndi timainjini m'kati. Ndinaomba m'manja ndekhandekha. Kenako ndinamata tepi ya pepala pansi pa feda iliyonse n'kulembapo: ng'oma, besi, gitala, achemwali anga, akazi anga. Ndinadinanso batani lililonse kuti ndione ntchito yake, ndipo lina lofiira lolembedwa W ndinalisiya loyaka chifukwa limakongoletsa.

Mlongo wawo wa akazi anga akukwatira Loweruka likubwerali, ndipo nyimbo yomwe ndikukonza ndi mphatso yathu. Akuimba ndi akazi anga pamodzi ndi achemwali anga. Awiriwa amakondana mmene alamu amakondanira, inu mukudziwa.

Lamlungu masana ndinawaitana onse awiri kuti adzamve. Ndinapinda manja monyadira kuti aone makina akugwira ntchito okha. Zonse zinayenda bwino mpaka pakorasi. Pamenepo feda yolembedwa "akazi anga" inatsetsereka yokha mpaka pansi, tonse tikuona, ndipo ya achemwali inakwera. Korasi itatha, ya akazi anga inabwerera m'malo mwake ngati sinalakwe kanthu.

Achemwali anaseka mpaka kugwira m'mimba, amvekere, "Alamu, makina sanama!" Akazi anga sanaseke. Anangondiyang'ana n'kunena kuti, "Bambo a kunyumba, mwafika pophunzitsa ndi makina omwe kuti azinditseka pakamwa?" Ine ndinalumbira kuti kontirolayo ndi yakale, mwina ili ndi vuto. Chiyambire tsiku limenelo akuti nyimboyo isaimbidwe kuukwati, ndipo ndikawafunsa kanthu amati, "Kafunseni kabokosi kanu."

Kwa inu nokha ndiulule. Pakorasipo pali liwu lina lokwera lomwe akazi anga amalifika mokhota pang'ono. Tsiku lina ndikumvetsera ndekha, mwina chala changa chinakhudza fedayo. Koma ndinaibwezeretsa, Aphungu, ndikulumbira. Zikundiwawa, chifukwa mayi ameneyu wayeserera nyimboyi milungu itatu, ngakhale pochapa. Kodi kontirolayi ndiibweze kwa Injiniya? Nanga nditani kuti isiye kuyenda yokha?

T.K., kuseri kwa shopu yosokera

Aphungu akuyankha:

A Telala,

Musamuvutitse Injiniya, katundu anakugulitsani wabwinobwino. Kabokosi kanuko kalibe vuto, ndipo kalibe ufiti. Kali ndi khalidwe limodzi lokha lomwe anthufe sitilikonda: sikaiwala.

Batani lofiira lija si lokongoletsa. Likayaka, pulogalamu imalemba chilichonse chimene dzanja lanu lachita pafeda nyimbo ikamalira, ndipo ulendo wotsatira imachibwereza ndendende. Tsono zimene munaona Lamlungu sizinali zochita za makina. Chinali chala chanu cha tsiku lija, chikubwereza ntchito yake pamaso pa mboni. Ndipo feda "yongokhudzidwa" siitsika mpaka pansi, komanso siikweza inzake yoyandikana nayo. Amati chala chimodzi sichiswa nsabwe, koma chanuchi chatsala pang'ono kuswa banja.

Nkhani yabwino ndi yakuti mawu a mayiwo sanafufutike, angophimbidwa. Poyamba sungani nyimboyo m'dzina lina, kuti mukalakwitsa mukhale ndi pobwerera. Inu atelala simudula nsalu ya mwini musanayese pachigamba. Kenako zimitsani W. Pakompyuta tsegulani mzere wa mawu a akazi anu, ndipo pansi pake mupeza kamzere kosonyeza kukwera ndi kutsika kwa mawu. Pakorasi muona chigwa chomwe munakumba. Chifufuteni, mufufutenso phiri lomwe munawamangira achemwali. Mukatha, siyani batani lolembedwa R lokha, lomwe limangotsatira zolembedwa osalemba zatsopano. Pakabokosiko musamalenso ndi timivi tiwiri ta m'mbali: timasamutsira mafeda ku mizere ina, ndiye tepi yanu ikhoza kunena kuti "gitala" pamene mukutsitsa munthu. Musanakhulupirire pepala, gwedezani feda pang'ono muone chimene chasuntha pakompyuta.

Zonsezi ndi ntchito ya mphindi khumi. Yovuta ndi iyi. Feda siiwongola liwu lokhota, imangolibisa, ndipo pobisa liwu limodzi munabisa munthu yense. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, choncho pitani inuyo kwa mayiwo, lero lomwe, achemwali kulibe. Musayambe ndi kufotokoza za mabatani. Nenani kuti, "Ndine ndinatsitsa, si makina. Ndinaopa kukuuzani kuti pamalo amodzi liwu silinafike, ndiye ndinachita zamantha, kenako ndinanama." Adzakwiya, ndipo ali ndi chifukwa. Koma ine ndikuganiza kuti chikuwapweteka kwambiri si liwulo ayi, koma kuganiza kuti mwamuna wawo anasankha mawu a mchemwali wake n'kutaya awo.

Mkwiyo ukaphwa, apempheni mujambulenso korasi yokhayo. Woimba aliyense amabwereza, palibe chamanyazi. Apatseni madzi, muwasiye aimbe kasanu kapena kasanu ndi kamodzi, ndipo asankhe okha yomwe yawakomera. Ngati liwulo likuwatalikirabe, tsitsani nyimbo yonse pang'ono. Kuukwati palibe adzabwere ndi tepi yoyezera.

Achemwali anuwo muwauzenso kuti makina sanamadi, wonama anali inu, ndipo kuseka kuja kunali kosayenera.

Chenjezo langa ndi ili: musanagwire feda iliyonse, yang'anani kaye ngati W wayaka, ndipo musachite pakabokosiko chinthu chomwe simungafune kuti chibwerezedwe pagulu. Koma nyimbo ikatha kukonzedwa, muyatse batanilo kamodzi kokha mwadala. Muwakhazike mayiwo pampando wanu, muike chala chawo pafeda yawo, akweze mawu awo mmene akufunira. Kuyambira pamenepo fedayo ikamayenda yokha, lidzakhala dzanja lawo. Ndipo chala chawocho chikatsetserekera pafeda ya achemwali anu n'kuitsitsa pang'ono, inu a Telala muyang'ane kudenga, simunaone kanthu.