Choko Pamwamba pa Bedi Langa

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji kumeneko? Kodi chifuwa chija chinakusiyani? Kuno tonse tili bwino kupatula msana wa amalume, ndipo chifukwa chake muchimva.

Makina opala matabwa amene munatumizira bambo anafika Lachiwiri. A lole anawatsitsira pageti, n'kunena kuti ntchito yawo ndi yofikitsa, osati yolowetsa. Anapita osamwa ndi madzi omwe.

Tinatsala anayi: bambo, amalume, aneba okonza njinga aja, ndi ine. Titayesa kunyamula, chinthucho sichinasunthe ngakhale pang'ono. Aneba anati tithyoka misana pachabe, ndipo anakatenga mapaipi atatu achitsulo. Tinatukula mbali imodzi n'kulowetsa mapaipiwo pansi. Akuluakuluwo ankakankha, ine ndinkatola paipi yotsalira kumbuyo n'kuthamangira nayo kutsogolo. Amalume ankati iwo ndi woyang'anira ntchito. Bambo anawayankha kuti woyang'anira wamimba ngati imeneyo akankhe ndi mimbayo.

Achimwene, bambo anaseka. Chichokereni ntchito sindinawamvepo akuseka choncho.

Poti ndinali chogwada, ndinaona muvi wofiira pambali pa makina, wosonyeza kumene thabwa limatulukira. Unkaloza khoma lakumapeto kwa galaja, limene kuseri kwake kuli chipinda changa. Ndinadziwa kuti tiyenera kuwatembenuza n'kuwasiya pafupi ndi khomo, kuti thabwa lizitulukira panja. Ndinafuna kunena, koma bambo anali akuimba kanyimbo kokankhira, thukuta lili kamukamu. Ndinangoika paipi ina, kenako inanso, mpaka tinafika kukhoma.

Tsiku lomwelo amalume anaboola simenti n'kumanga makinawo ndi mabawuti kuti asamanjenjemere. Msana wawo uja unayamba kupweteka pamenepo. Aneba anatenga mapaipi awo.

M'mawa mwake bambo anayesa thabwa lalitali. Litangodutsa pang'ono, linagunda khoma. Anazimitsa makina, n'kuima nthawi yaitali manja ali m'chiuno. Ndinkayesa aitananso anthu aja. Koma anati ndi imvi zawozi sangakagogodenso kwa aneba kuti amuna anayi tinakankha chinthu chotembenuka. Anatenga choko, n'kulowa m'chipinda changa, n'kujambula kabokosi pakhoma lija, pamwamba pa bedi. Akuti womanga abwera Loweruka kudzaboola pamenepo kuti matabwa azitulukira kwanga, ndipo ineyo ndizilandira ndikaweruka kusukulu.

Mayi anafunsa kuti nanga mwanayu aziwerengera kuti, mayeso atsala miyezi iwiri. Bambo anati utuchi sunalepheretsepo munthu mayeso. Mayi anangotuluka.

Inu mukudziwa kuti malo anga ndi chipinda chokhachi. Ndikatseka chitseko, palibe amandifunsa chifukwa chake sindiyankhula.

Koma chimene chandisokoneza ndi ichi. Dzulo bambo ananditcha mmisiri wamng'ono, n'kundipatsa tepi yoyezera kuti ikhale yanga. Zaka zonsezi ndakhala "iwe" basi. Tepiyo ndinapita nayo kusukulu, ndinayeza desiki, zenera, ngakhale nsapato yanga. Nditabwerako ndinafufuta mbali imodzi ya kabokosi ndi chala, kenako ndinatenga choko n'kujambulanso ndekha. Sindikudziwa chimene ndikufuna. Ndikaulula tsopano kuti muvi uja ndinauona, andifunsa chimene ndinakhalira chete.

Chonde aimbireni Loweruka lisanafike. Inu amakumverani. Afunseni ngati mukungocheza kuti thabwa likutulukira mbali iti. Mukaona kuti n'koyenera, auzeni awatembenuze. Mabawuti ndi anayi okha, ndipo kwa aneba ndikapita ine. Mukaona kuti ndingolola, ndiuzeninso, ndisuntha bedi ndekha. Koma za muvi zikhale pakati pa inu ndi ine.

Mundiperekere moni kwa alamu, ndi kamwana kaja ngati kayamba kumva. Mulungu akusungeni, ndipo muyankhe msanga, chifukwa womanga uja wabwereka kale hamala.

Ndine mng'ono wanu.