Mbuzi Yanu Yapita kwa Sisi Dii

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji?

Khalani bwino, chifukwa amene akukulemberani lero si munthu wamba. Ndine Wapampando wa Komiti Yoona za Makina pakomboni yonse kuno ku Macheke, mwana wanu Faindani, wa Sitandade 4. Mamembala a komitiyo ndi ine ndekha.

Kuno tilipo. Fodya wa murungu watsopano, mwini famu ino, wachita bwino, maricho, maganyu aja, akupezeka, Joisi wa nyumba yoyandikana nafe wabereka mapasa, ndipo dzino langa lomaliza lakutsatirani kumeneko.

Nkhani ndi ya Esinati, chitsiriza changa, uja munkamubereka amake akapita kosankha fodya. Ndiye mabalani, kalaliki wa pafamu tsopano. Amayi, mukanamuona! Mabelo onse ndi mayina a antchito amalemba m'laputopu, makina otsegula ngati Baibulo. Koma laputopuyo yakalamba ngati ine. Ukaiyatsa umawiritsa tiyi, kumwa, kutsuka kapu, iyo ikadali kuyasamula. Tsiku lotumiza fodya ku okushoni lole inadikira mapepala mpaka masana, murungu n'kunena kuti zikachitikanso aika mphwake pampando wa Esinati.

Mwanayo anakafunsa kutauni, ku Marondera. Pobwera anati yatsopano sitingaikwanitse, koma yakaleyi ichira tikaikamo Sisi Dii. Ine ndinakalipa. Mayi anga anakhala sisi m'nyumba ya mzungu zaka zonse zija, kuchapa ndi kukolopa, lero ife tilembe sisi? Azigona pati? Azidya chiyani? Esinati anaseka mpaka kukhala pansi. Kani ndi SSD, kachitsulo kochepa ngati paketi ya ndudu, kosungira zonse za m'laputopu. Kakale ka m'katimo kamazungulira ngati mbale ya galamafoni, n'chifukwa chake kamachedwa ndi kubuula. Katsopanoka sikazungulira, kamangogwira ntchito mwachangu, mwakachetechete, osadandaula. Ndinati basi, ndi sisi ndithu, amayi anga enieni.

Mtengo wake mbuzi imodzi. Ndipo mbuzi ndinali nayo imodzi, ija ndinkasungira chiliza chanu. Sabata yathunthu ndinkangoiyang'ana, nayo n'kumandiyang'ana. Ndinafunsa Esinati kuti nanga laputopu yokalambayi ikafa mawa, siifa ndi mbuzi yanga? Sanandinyengerere. Anati kufa ingafe, koma kachitsuloko amakachotsa n'kukaika mu ina. Wosanama ngati inu mwana ameneyu. Pamenepo ndinakumbukira zija munkanena mukupaka polishi pansi: "Faindani, kugwada ndagwadira nonse. Ana ako akhale pampando."

Mbuzi inapita. Tsopano laputopu imadzuka ndisanamalize kuyetsemula. Lole yachiwiri inanyamuka tiyi asanazizire, ndipo mphwake wa murungu akungozungulira ofesi manja ali m'thumba. Ine ndimadutsa pawindo dala, kuti ndimuone mdzukulu wanu atakhala pampando, zala zikuthamanga.

Chiliza mudikire fodya winayu. Ndikulonjeza, chidzamangidwa, ndipo ndidzalembapo dzina lanu lenileni, Nabanda, lija pafamu pano sanalitchulepo.

Ndine wanu wokukondani, wosamva uja,
Faindani

Ndikanaiwala. Achemwali anga Feligasi atakwiya ndi za mbuziyo, ndinawauza kuti munabwera kutulo n'kundilamula kuti ndiigulitse. Zimenezo ndinapeka ndine. Akadzafika kumeneko n'kukufunsani, chonde Amayi, mudzangovomera.