Kanyali ka pa Kona ya Mabulugama

Amayi, kodi kumeneko mukugona bwanji?

Ndikudziwa, mukanandikalipira polemba kalatayi. Munatilera pa mishoni, mumatiuza kuti omwalira ali m'tulo, samva kanthu mpaka tsiku lomaliza. Koma nkhaniyi ndilibe wina womuuza. Abusa angandiyang'ane ndi diso lina.

Kuno tilipo. Mpongozi wanu anachira, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Akakwiya amakwinya chipumi ngati inu nomwe. Nandolo wa ku Khonjeni wabereka bwino, koma nthochi zija zafota, ndazidula.

Chomwe chinandisowetsa mtendere ndi galimoto, ija ndimanyamulira anthu pakati pa Luchenza ndi Khonjeni. Chikuikireni m'manda, pa dashibodi panayamba kuyaka kanyali kachikasu, ka chithunzi cha galimoto yoterereka. Kanyaliko n'ka sensa imene imamva galimoto ikamaterera, n'kugwira yokha mabuleki. Ndiye sikankayaka paliponse ayi. Malo ake anali amodzi: pa kona ya mabulugama, pamunda uja munathyolamo tiyi zaka zonse zija. Ndikangofika pamenepo kanyali ng'aa, mabuleki gwi, okwera n'kugundana mitu. Pa siteji anayamba kunong'ona kuti galimotoyi ndinaikhwimira. Ena anafika ponena kuti ndinakuperekani ndine kuti ndilemere. Zinandiwawa, Amayi. Anthu anasiya kukwera, ngakhale mpongozi wanu anakana kulowamo ndi mwana.

Mukundidziwa, mawaya ndi ntchito yanga. Munkati ndili ndi makutu a mawaya okha, za anthu sindimva. Ndinachotsa matayala onse n'kupukuta matope ofiira pa masensa. Mafyuzi anali abwino. Ndinayeza waya uliwonse ndi mita, ndikuganizira makoswe, koma panalibe pomwe anatafuna. Pomaliza ndinamasula mpando wakutsogolo, chifukwa sensa yaikulu imakhala pansi pake. Amayi, ndinapeza pini wanu, uja munkamangira chitenje cha ku tchalitchi, atabaya waya. Ndinaseka ndekha mpaka misozi. Ndinamuzula, ndinakulunga wayayo ndi tepi, n'kunena kuti nkhani yatha.

M'mawa mwake ndinapita kukaiyesa ndili ndekha, pini ali m'thumba la malaya. Chiperoni anali atakuta minda, nkhungu tolo, othyola tiyi asanalowe. Nditafika pa kona paja, kanyali kanayaka. Mabuleki anagwira, koma osati mwaukali ngati kale. Anagwira pang'onopang'ono, mmene munkandigwirira dzanja tikamawoloka msewu.

Pali chimene sindinauze munthu, ngakhale achemwali. Tsiku lija ndinkakuthamangitsirani ku chipatala, munakhala pa mpando wakutsogolo womwe uja. Pa kona pomwepo munati, "Taima pang'ono, mwanawe, ndiuone munda wanga." Ine ndinati mudzauona pobwerera, n'kuponda moto. Pobwerera munali m'bokosi, ndipo tinadzera njira ina.

Tsono m'mawa umenewo ndinaima. Injini sindinazimitse. Ndinatsika, ndinazungulira n'kutsegula chitseko chakumanzere. Ndinachita manyazi, munthu wamkulu, dikoni, kumalankhula ndi mpando. Komabe ndinati, "Amayi, tafika."

Galimoto inakwera m'mwamba pang'ono mbali imeneyo, mmene imachitira munthu akatsika. Mphepo kunalibe, koma nsonga za tiyi zinayamba kugwedezeka mumzere umodzi wokha, kutsetsereka kumunsi, pang'onopang'ono, mpaka m'nkhungu. Tsitsi linandiima. Nditasuzumira pa dashibodi, kanyali kanali katazima.

Papita masabata atatu sikanayakenso. Okwera abwerera, a pa siteji akuti ndine katswiri wa mawaya, ndipo mpongozi wanu wapita nayo ku sikelo kawiri. Ndiyenera kukondwa. Koma ndikamadutsa pa kona paja maso amathamangira pa dashibodi, ndipo ndikaona mdima mtima umandiwawa kuposa tsiku la maliro. Miyezi yonseyi munali pambali panga, ine ndili kalikiliki ndi mita kufuna kukuchotsani.

Pini wanu ndamusunga m'galimoto momwemo. Ndikulonjeza kuti Lachisanu lililonse, Sabata lisanalowe, ndiziima pa kona paja n'kutsegula chitseko. Mpando wakutsogolo tsiku limenelo sindikwezapo munthu. Mwana uja simunamuone, Amayi. Mukafuna, mudzangokwera.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Yohane